Nambala Naini ya a Kumanzere

Mayi Kumanzere anangopita kukatunga madzi akumwa pampopi wa kuseri kwa ofesi. Mphindi khumi sizinakwane. Amuna awo anawasiya pabenchi yakutsogolo, kapepala ka nambala naini kali m'manja. Pobwerako anawapeza ataima kumchira kwenikweni kwa mzere, pafupi ndi chitseko, akumwetulira ngati awina njinga.

"Bambo, kuno mukudzatani?"

"Ndili pamalo panga, mayi."

"Nanga nambala ija?"

A Kumanzere anatambasula dzanja. Mayiwo anawerenga kawiri, kuganiza kuti mwina maso ayamba kuwanamiza nawonso. Eyite seveni! Botolo la madzi linatsala pang'ono kuwapulumuka.

Nkhani yake inali iyi. Boma linalengeza kuti asilikali akale onse akalembetsenso, penshoni yawo ikwezedwe, ndipo aliyense alandire khadi lothandizidwira ulere kuchipatala. Khadilo ndi limene mayiwo ankalifuna. Ng'ala inali itaphimba maso onse awiri a amuna awo, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu okha. Dokotala anati opaleshoni ndi yosavuta, bola khadilo. Tsono tsikuli linali lomaliza kulembetsa, ndipo kalaliki, mtsikana wa magalasi, anali atanena poyera m'mawa kuti patsiku amatha anthu sikisite basi. Otsala adikire chaka chamawa. N'chifukwa chake mayiwo anadzutsa amuna awo m'bandakucha, n'kuwakweza basi yoyamba. Paja kugona pakati n'kuyambirira.

"Mwapatsa ndani?"

"A Kaputeni. Anafika mochedwa, mwendo ukuwavuta. Ine ndikhale patsogolo pa a Kaputeni? Zinachitikapo kuti?"

Apa m'pamene mayiwo anauyang'anitsitsa mzere uja, n'kumvetsa. Nkhalamba zija zitangozindikirana, zinaiwala kuti zinavula yunifomu kalekale. Popanda wozituma zinasinthana timapepala n'kudzisanja motsata maudindo: mabwana kutsogolo, kenako masajeni, kenako makopolo, asilikali wamba kumbuyo. Ndipo m'gulu la asilikali wamba munalibe wamba woposa a Kumanzere. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'gulu lankhondo, osakwezedwa ngakhale kamodzi. Dzinalo analitengera paperete: anzawo onse akatembenukira kumanja, iwo okha ankatembenukira kumanzere. Analangidwa mpaka olanga anatopa, dzina n'kukakamira, mpaka linafikira ndi mkazi yemwe.

"Inu abambo inu, mudzandipha ndi mtima," anatero mayiwo. "Maso akewo adzakupatsani ndi a Kaputeni?"

"Mwambo ndi mwambo, mayi. Inu simungamve."

Iwo asamve? Munthu woti anakhala m'nyumba za kukampu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kusita mayunifomu mpaka mzere wa thalauza kumacheka chala? Mkwiyo unawagwira, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha enieni. Chaka china chathunthu chowagwira dzanja popita kuchimbudzi, chowauza kuti mdzukulu amene akuwakumbatirayo ndi uti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamanga mpango bwinobwino n'kulunjika pakati pa mzere.

Pamenepo panali a Sajeni Meja, amene kale akakuwa paperete agalu a kukampu ankathawira pansi pa magalimoto. Tsopano anali kamunthu kowonda, jekete yolendewera, mendulo zitatu pachifuwa, ndodo ili kukhwapa m'malo moiyendera.

"A Sajeni Meja, mwandikumbuka?"

"Mlamu! Akazi a Kumanzere! Kodi chimunthu chija chikadali moyo?"

"Chilipo, uko kumchira. Ndili ndi funso, mundikhululukire, ine ndine munthu wamba. Pa tsiku la malipiro ankayamba ndani?"

"Akuluakulu, kutsika m'munsi."

"Nanga kutchire, mphika ukafika?"

A Sajeni Meja anatukula chibwano. "Ana amayamba. Msilikali wamba adye, kopolo adye, sajeni adye. Bwana amadya pomaliza, zikatsala. Bwana wodya ana ake asanadye, ameneyo si bwana."

"Chabwino. Nanga wathuwu ndi mzere wanji? Malipiro munasiya kulandira tsiku limene munabweza mfuti. Chimene boma labweretsa lerochi si mphika wa ukalamba wanu? Taonani kumbuyoko. Osaona ali konko, a ndodo ziwiri ali konko. Sikisite ikakwana, obwerera chimanjamanja ndi ana anu."

Mkuluyo anacheuka, nayang'ana kumchira kwa nthawi yaitali. Kenako anapita kutsogolo, naima chilili pamaso pa a Kaputeni, n'kuwanong'oneza. A Kaputeni, nkhalamba yonenepa ya mwendo wotupa, anagwira pakamwa.

"Manyazi bwanji! Takumbutsidwa ndi mlamu?" Anatulutsa kapepala ka naini kaja m'thumba. "Pitirizani, Sajeni Meja."

Kumene mawuwo anachokera m'kachifuwa kaja, Mulungu yekha ndiye adziwa.

"Pereteee! Chilili!"

Mawindo ananjenjemera. Kalaliki anataya cholembera. Mlonda wa pakhomo, amene sanakhalepo msilikali, nayenso anangopezeka wawongoka. Misana imene inapindika zaka makumi atatu zapitazo inayesetsa ndithu, mawondo akulira ngati zitseko zakale.

"Kumbuyooo, tembenuka!"

Nkhalamba makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi zinazungulira kudzanja lamanja. Imodzi inazungulira kumanzere, n'kuwombana mphuno ndi mnzake.

"Kumanzere!" anakuwa a Sajeni Meja. "Zaka zonsezi sunaphunzirebe?"

Holo yonse inaphulika. Anaseka mpaka kutsokomola, ena kugwira mabenchi, wina mano oikirira anamugwera m'chipewa. A Kumanzere ankaseka kuposa onse, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa panali patapita zaka zambiri asanakalipiridwe ndi mawu amenewo, ndipo anali atawasowa.

Mzere unaguba pang'onopang'ono kuzungulira mabenchi mpaka mchira unafika patebulo, a Sajeni Meja akutolera timapepala tonse m'chipewa chawo. Kalaliki anaimirira, manja m'chiuno.

"Agogo, nanga manambala anga?"

"Mwanawe, manambala ali m'chipewa changa," anatero a Sajeni Meja. "Iwe uzingoti wotsatira. Komanso tandiuza, chimakuchedwetsa n'chiyani kuti uzithera pa sikisite?"

"Anthu amafika pano mapepala ali pansi pa chikwama. Ena fomu sanalembe n'komwe."

"Basi? Makopolo, kuno!"

Makopolo anayi anayenda ndi mzere kuyendera mapepala ngati akuyendera nsapato: chiphaso pamwamba, kalata yopumira ntchito pansi, fomu pakati, zonse kudzanja lamanja. Amene manja ankanjenjemera, mabwana anawakhalira pabenchi n'kumawalembera. Mayi Kumanzere anaona ndi maso awo a Kaputeni akufunsa wophika wakale tsiku lake lobadwa, mwaulemu ngati akufunsa mpongozi.

Woyamba kukhala pampando anali a Kumanzere. Anatchula nambala yawo ya usilikali osapumira, anadinda chala, kenako kalaliki analoza kamera.

"Agogo, tatembenukirani kumanja pang'ono."

Mayiwo sanadikire kuti aone zotsatira. Anangowagwira mutu ndi manja awiri n'kuulozetsa okha. Makina analira, khadi linatuluka likadali lofunda. Mayiwo analimanga pakona ya mpango mfundo ziwiri, mtima uli m'malo koyamba chichokereni kunyumba.

"Tiyeni, bambo, basi ya masana ingatisiye."

"Pitani nokha. Ine sindichoka a Kaputeni asanadye."

Ulendo uno sanawatsutse. Anakhala nawo pabenchi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa olembetsa amene anatuluka. Sikisite inakwana dzuwa likadali pamutu. Kalaliki sanapite kukadya, anangoluma kabanzi n'kupitiriza. Folo koloko itatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, a Kaputeni anadzikoka n'kukhala pampando, omaliza pa onse. Khadi lawo litatuluka, zipewa zinaulukira kudenga, ndipo kalaliki anapatsidwa sawatcha ndi holo yonse mpaka anabisa nkhope m'faelo.

Ali m'basi, a Kumanzere anapempha khadi lija. Analiyandikiza pamphuno, kulitembenuza uku ndi uku.

"Ndaoneka bwanji pachithunzipa?"

"Ngati mbuzi yogwidwa m'munda. Zala zanga zikuonekanso m'makutumu."

Anaseka, n'kuliika khadilo pachifuwa.

"Moyo wanga wonse sindinakhalepo woyamba, mayi. Lero ndi loyamba." Anafufuza dzanja la akazi awo mpaka analipeza. "Akakandichotsa nsalu ya m'maso kuchipatala, dokotala apatuke. Ndikufuna ndiyambe kuona inu. Anthu akundiuza kuti mwakalamba, ine sindikukhulupirira."

"Mukaona nokha," anatero mayiwo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndikaima kumanzere kwa bedi, kuti musakandiphonye."