Mchenga Woyera M'thalauza

Ndinayamba kukayika chifukwa cha mchenga. Ndikuchapa thalauza la bambo a Phwiti, m'mapindiro a miyendo munatuluka mchenga woyera ngati shuga, n'kukhazikika pansi pa beseni. Amuna anga ndi kadi, amanyamula chikwama cha ndodo za osewera gofu, ndipo chiyambire amagwira ku bwalo lakale, la Mitengo. Mchenga wa kumeneko ndimaudziwa, ndi wofiirira, umadetsa masokosi. Woyera uli ku bwalo latsopano, la Chigwa, kutsidya kwa tauni. Ndipo m'shopu ya ku Chigwako mumagulitsa mkazi amene ankayenda nawo ine ndisanabwere.

Gofu sindinasewerepo, koma mabwalo awiriwa ndimawadziwa ngati zipinda za m'nyumba mwanga. Achimwene anga amatchetcha kapinga ku Mitengo, ndipo akabwera Lamulungu nkhani ndi imeneyo basi. Mabwalo onsewa ndi otchuka, anthu amakwerera ndege kudzasewera. La Mitengo ndi lothina, njira zake zimakhota pakati pa mitengo italiitali, ndipo pali dzenje lina limene munthu amamenya mpira mbendera asakuiona, ili kuseri kwa chitunda. Kadi wa kumeneko amadyera maso: mpira ukalowa mu mthunzi, iye ndiye ayenera kudziwa pomwe wagwera. La Chigwa ndi lambee, lopanda mtengo, kuli mphepo, madamu ndi maenje a mchenga woyera. Amuna anga ankakonda kunena kuti la Mitengo analimanga ndi mutu, la Chigwa ndi thirakitala.

Ndiye Lamulungu lotsatira ndinatchera khutu ndili kukhitchini.

"Koma la Chigwa analiganizira bwino," anatero bambo a Phwiti. "Silimubisira munthu kanthu. Ngozi yonse umaiona uli poyambira, ukalowa m'madzi walowa wekha."

"Alamu, mwadya chiyani?" achimwene anaseka. "Si inu munkati n'bwalo la ndege lomwe anaiwala kuthira phula?"

"La Mitengo ndi lachinyengo. Umamenya bwino, nthambi n'kukubera mpira."

"Chinyengocho ndiye kukoma kwake. Mkazi wosakuvutitsa mutu amatopetsa. Si choncho achemwali?"

Anyezi ndinamudula mpaka anasanduka phala. Munthu sayamba kuyamikira mpanda wa eni ngati sanaonemo kanthu.

Kuyambira pamenepo ndinaona zambiri. Khosi lawo linada ndi dzuwa, chonsecho ku Mitengo amayenda mu mthunzi. M'chipewa munasiya kupezeka timasamba. Foni anayamba kuigwirira pamphuno penipeni, ngati akuopa kuti ndiona. Tsiku lina anathira tiyi pambali pa kapu, ndipo mwana wathu Phwiti atadwala chifuwa anandipatsa botolo la mankhwala kuti ndiwerenge ndine, ati mutu ukuwawawa. Mumtima ndinati mutuwo uli kwina, uli m'shopu.

Kufunsa ndinkaopa. Ndinkaopa kuti anama, ndinkaopanso kuti anena zoona. M'mawa wina atatuluka, ati akupita ku Mitengo, ndinabereka Phwiti n'kukwera minibasi yopita ku Chigwa.

Sindinalowe pageti, mlonda anali ndi nkhope yofunsa mafunso. Ndinatsata mpanda wa waya mpaka pamene msewu umayandikana ndi kapinga. Amuna anga sananame pa chimodzi: bwalolo silibisa. Ndili pamenepo ndinkaona zonse, mbendera, madamu, maenje oyera akuthwanima, mpaka khonde la shopu. Ndipo ndinawaona, chikwama paphewa, akutsatira bambo wina wachipewa chachikulu.

Mpira wa bamboyo unagwera m'dzenje la mchenga pafupi ndi mpanda. Iye anatsalira kuyankha foni, amuna anga n'kubwera okha. Anayenda mozungulira dzenjelo atawerama, kenako anaweramuka n'kuyang'ana kumene ndinali. Tinali pafupi moti ndikanatha kuwaponyera kiyi. Ndinali nditavala diresi lobiriwira lomwe anandigulira okha. Ndinakweza dzanja.

Anandiyang'ana, n'kutembenuka.

Ndiye tafika pondikana masana, mwana ali kumsana, poopa kuti wa m'shopu aona? Ndinagwira waya mpaka unandidinda m'zala.

"Adadi," anatero Phwiti, akudumpha kumsana. "Adadi awo."

Chikwama chinatsetsereka paphewa. Anabwera pang'onopang'ono atatsinzina, khosi patsogolo ngati nkhuku, mpaka anafika pawaya penipeni.

"Mayi a Phwiti? Ndinu?"

"Mumayesa ndani?"

"Ndimaona chobiriwira chabe. Ndimayesa chitsamba."

Ndinafuna kuwalalatira, koma ndinayang'ana m'dzenje muja. Mpira unali poyera, pafupi ndi pomwe anaponda, ndipo anauzungulira osauona. Ndinakumbukira tiyi, botolo, foni pamphuno.

"Mpira uli kumbuyo kwanuko, kumanzere kwa chipangizo chosalazira mchenga," ndinatero motsitsa mawu. "Zayamba liti?"

"Nthawi ya mvula." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ku Mitengo ndinayamba kutayitsa mipira. Ukangolowa mu mthunzi, basi. Osewera anasiya kundisankha. Kuno kapinga ndi wamfupi, palibe mthunzi, ndimangoyenda molunjika kumene ndamva kuti wamenyera, ndikafika pafupi ndimauona. Wa mu mchenga wokhawu ndiye umandivuta, choyera pa choyera."

"Achimwene akudziwa?"

"Ndinawauza kuti ndikuyenda ndi gulu la m'bandakucha. Akadziwa iwo, bwalo lonse ladziwa, kunonso amva. Kadi wosaona amulemba ndani?"

"Nanga kuno anakulowetsani ndani?"

Ndinayang'ana kukhonde la shopu. Patali choncho, ndinaona mkazi ataima pakhomo, dzanja pachipumi, akuyang'ana kuno.

"Anangondilankhulira kwa akuluakulu," anatero amuna anga. "Palibe china."

"Munamuuza za maso?"

"Akanandilankhulira bwanji osadziwa?"

Ndiye anadziwa iye, ine wochapa mathalauza ndisakudziwa. Mwala umene ndinabwera nawo pachifuwa unachoka, koma pamalo pake panakhala wina, wocheperapo, wakuthwa.

"Kadi," anaitana wachipewa uja akuyandikira, "wawuona?"

"Uli apa bwana, kumanzere kwa chosalazira," anayankha amuna anga osatembenuka n'komwe. Kenako kwa ine, monong'ona: "Musawauze achimwene."

"Mawa simubwera kuno. Tikupita kuchipatala cha maso, ndipo dzanja ndikugwirani ndine. Wa m'shopuyo mukamuuze kuti mkazi wanu wadziwa, asavutikenso."

Anagwedeza mutu movomera n'kutola chikwama. Ndinawayang'ana akusalaza mchenga bwanayo atamenya, akudalira mapazi ndi manja kuposa maso.

Sindinachoke msanga. Ndinasuntha Phwiti kuti dzuwa lisamuwombe kumaso, n'kuima pompo mpaka anamaliza dzenje lotsiriza, pafupi ndi khonde lija. Ndinkafuna kuona ngati alowe m'shopu. Anadutsa osalowa. Koma mwina sanaone chitseko.