Dzino Lakumbuyo la Ivânia

Ivânia anasiya kutafunira kumanja. Akaika chakudya m'kamwa ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba, ndipo akamwa madzi a mumtsuko misozi inkalengeza. Anali mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, wolongolola kwambiri, koma tsopano ankabwera kusukulu ali chete, dzanja lili patsaya.

Bambo ake, a Elídio, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa msawu pa Chipera. Anali munthu wa manja abwino, ndipo anthu ankawadziwanso ndi luso lina. Mwana aliyense wa dzino logwedera ankapita naye kwa iwo. Ankamuseketsa kaye, kenako kamodzi n'kamodzi dzino lili m'manja, mwana n'kukaliponya padenga. A Elídio ankanyadira ntchitoyi kuposa yokonza njinga, ngakhale sankalipiritsa.

Mwana wawoyu ankamukonda mopitirira. Tsiku lililonse poweruka ankamugulira pa kantini maswiti ndi mabisiketi, zimene kumeneko amati rebusadu ndi bulasha, mwina mpaka kumudzutsa atagona kale kuti alandire. Akazi awo, a Flávia, akadandaula, iwo ankangoseka.

"Musiyeni adye. Ine rebusadu ndinaidziwa ndili ndi ndevu kale."

Loweruka m'mawa Ivânia analephera ngakhale phala. A Elídio anamukhazika pa mpando padzuwa n'kumuuza kuti ayasamule. Dzino lakumbuyo kwenikweni, lapansi, linali ndi kabowo kakuda pakati. Analigwedeza ndi chala koma silinasunthe n'komwe. Mtima unawawawa poona mwana akuvutika chotero.

"Limeneli ndi lamakani, likufuna alikati," anatero. "Mai ake Ivânia, wiritsani madzi titsuke chitsulochi. Tizule, limera lina."

Anatenga alikatiyo, pulayala yawo yokonzera njinga, n'kuyamba kuipukuta. Ivânia ataiona analira mokweza, mpaka a Marcelina anatulukira kuseri kwa nkhokwe. A Marcelina anali oyandikana nawo nyumba, ndiwonso anamunyamula Ivânia pa ubatizo, n'chifukwa chake iwo ndi a Elídio ankatchulana kumpadre ndi kumadre. Anaphunzitsidwa zaumoyo ndipo ankayendera mabanja a m'mudzimo.

"Kumpadre, mwanayu wasanduka bisikileta?" anafunsa.

"Ayi kumadre, ndi dzino chabe. Ndazula angati m'mudzi muno?"

"Ogwedera, inde. Ndiloleni ndione kaye."

Anasamba m'manja, anayang'ana m'kamwa mwa mwanayo, kenako anawaitana a Elídio kuti ayandikire.

"Mano onse amene mwanayu anaguluka munazula ndinu. Tandiuzani, pamalo pano, kumbuyo kuno, munazulapo dzino?"

A Elídio anaganiza. Akutsogolo anawakumbukira bwinobwino, awiri apansi ndi awiri apamwamba, ndi ena a m'mbali mwake. Koma kumbuyoko sanagwireko chiyambire.

"Ayi, sindinazuleko."

"Ndiye vuto lake pamenepo. Dzino ili limamera mwana ali ndi zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kuseri kwa mano aubwana, popanda lina kuguluka. N'chifukwa chake makolo ambiri timaliyesa laubwana. Koma ndi lachikulu, kumpadre. Mukalizula lero, pamenepo pakhala pululu mpaka adzakalambe. Komanso mizu yake ndi yaitali. Ndi alikati mungolithyolera m'kati, chibwano n'kutupa."

A Elídio anakhala pansi pang'onopang'ono. Lilime lawo linapita lokha kumbuyo kwa kamwa, pamene panali magweru aakulu mbali zonse ziwiri. Anakumbukira ali mwana ku Zambia, kumene banja lawo linathawira nkhondo. Dzino litawapweteka, amalume awo analizula n'kuwalonjeza kuti limera lina. Chaka chotsatira anazulanso linzake. Anadikira, osamera. Anzawo ankawanena kuti anaseka, khwangwala n'kuona magweruwo, n'chifukwa chake mano anakana kumera, ndipo iwo anakhulupirira. Anakula akudziimba mlandu, chimanga chokazinga akungochionera m'manja mwa anzawo.

"Ndiye kuti sanali khwangwala?" anafunsa motsitsa mawu.

A Marcelina sanaseke. "Sanali khwangwala. Amalume anu sankadziwa, ndiponso kumene munaliko kunalibe wowauza. Inu muli naye wokuuzani."

A Elídio anayang'ana chitsulo chili m'manja mwawo ndipo anachita mantha ndi zimene anatsala pang'ono kuchita. Manyazi anawagwiranso.

"Nanga titani, kumadre? Mwana akuvutika."

"Tsaya silinatupe, ndipo akuti limapweteka akadya kapena akamwa zozizira. Mwina bowolo silinafike pa mtsempha. Pitani naye ku Fíngoè, kuchipatala kuli wa mano. Musachedwe, bowo la dzino silidzitseka lokha. Lero achukuche madzi ofunda a mchere, ndimupatsanso mankhwala ochepetsa ululu a msinkhu wake. Koma musaikemo fodya, phulusa, kapena madzi a batire monga amachitira ena ku migodi. Zimenezo zimawotcha nkhama, kuola kumapitirira."

Ulendo wa ku Fíngoè si wapafupi, ndipo inali nthawi yokolola. A Flávia anati chimanga adzathyola okha ndi achemwali awo. Lolemba m'mawa a Elídio anakwera njinga yamoto ya mnzawo Silvestre, mwana ali pakati, fumbi lili kobo. Njira yonse ankangopemphera chamumtima kuti dzinolo lipezeke lisanafike poipa.

Wa mano anali mayi wachitsikana wotchedwa Benilde. Anayang'ana, anagogoda dzinolo pang'ono, n'kufunsa Ivânia ngati limamudzutsa kutulo. Ivânia anapukusa mutu.

"Mwabwera nthawi yabwino, bambo," anatero a Benilde. "Mukanadikira mpaka mutakolola, tikanakamba zozula. Lero tingochotsa poolapo ndi kumata."

A Elídio anapumira m'mwamba. Anagwira phazi la mwana wawo nthawi yonse imene ntchitoyo inkachitika. Atamaliza, a Benilde anawaonetsa dzino lina lakumanzere limene linayamba kuthimbirira.

"Ilinso likubwera m'mbuyo momwemo tikapanda kusamala. Amadya zotsekemera kangati pa tsiku?"

A Elídio anakanda m'mutu. "Dotora, wolakwa ndine. Ndimam'bweretsera rebusadu ndi bulasha madzulo. Ndimati ndikumukonda."

"Kumukonda mumamukonda, mwaonetsa pobwera naye kuno. Koma shuga akagona m'kamwa, tizilombo tosaoneka timamudya n'kutulutsa asidi amene amaboola dzino. Choipa kwambiri ndi kumangonyambita zotsekemera tsiku lonse, ndi kugona osatsuka. Ngati mwamugulira, adye kamodzi pa nthawi ya chakudya, amwe madzi. Masiku ena mubweretsereni mtedza, nthochi kapena chinangwa."

Anatenga mswachi n'kuwaonetsa katsukidwe kake, pang'onopang'ono, mbali zonse, mpaka kumbuyo kumene ana amaiwala.

"Kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona. Pasita yotsukira ikhale ya fuluwo, amenewo ndi mankhwala olimbitsa mano. Muike pang'ono ngati njere ya nandolo. Akatsuka alavule, asachukuche ndi madzi. Shikova, mswachi uwu, ikasowa, kamtengo kotsukira mano kamathandiza, bola osasiya. Ndipo inuyo muziimirira pomwepo, mwana wa msinkhu uwu payekha amangotsuka akutsogolo oonekera."

Atabwerera ku Chipera, Ivânia anakwiya masiku angapo chifukwa cha maswiti, ndipo a Elídio anavutika kuposa iye. Kudutsa pa kantini manja ali m'thumba sichinali chapafupi. Koma mwana anayambanso kudya bwino, kulongolola kuja kunabwerera, mpaka a Flávia anati mwina wa mano uja anamuwonjezera lilime lina. Makolo akabwera ndi ana pa msawu paja, a Elídio ankayamba ayang'ana kaye. Dzino likakhala lobooka kapena losagwedera, ankawatumiza kwa a Marcelina.

Madzulo ena bambo ndi mwana anaima kuseri kwa nyumba, aliyense ndi mswachi wake. Ivânia anawayang'anitsitsa bambo ake, thovu lili kukamwa.

"Ababa, mukunama! Dotora anati mpaka kumbuyo. Inu simukufikako."

A Elídio analavula, n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Kwanga kumbuyoko kulibe chotsuka, mwanangu. Tsuka ako, ine ndikuona."

Makolo, dzino lalikulu lakumbuyo limene mwana amamera ali ndi zaka ngati zisanu ndi chimodzi ndi lachikulu, ndipo likachoka silimeranso. Muziyang'ana m'kamwa mwa ana anu. Mukaona bowo kapena kadontho kakuda, pitani nawo kuchipatala tsaya lisanatupe, pamene dzino lingathe kumatidwa. Musazule pakhomo dzino losagwedera, musaikemo fodya kapena madzi a batire. Chepetsani zotsekemera, ndipo ana atsuke mano m'mawa ndi pogona, inu muli pomwepo.