Chifuwa cha Luka, Mlandu wa Elesi

Matenda a Luka anayambira ku Mwami, tsiku limene lole ya feteleza inabwerera m'mbuyo n'kuponda mnzake woyendetsa njinga yamoto, iye akuona. Luka mwiniwake sanakhudzidwe ndi pang'ono pomwe. Koma kuchokera pamenepo chinthu china chinkamugwira mwadzidzidzi, dzuwa likuswa mtengo: mtima kugunda ngati uboola nthiti, thukuta kamukamu, zala dzanzi, mpweya kukana kulowa. Ankagwira pachifuwa n'kumati, "Elesi, ndafa ine!" Pakapita kanthawi chinkamusiya ali lefu.

Elesi, mkazi wake, anamuperekeza kukiliniki ku Chipata. Anesi anayeza magazi, anamvetsera mtima, n'kunena kuti thupi lili bwinobwino.

"Ndi nkhawa iyi, bambo. Mantha akakhazikika mwa munthu amatulukira m'thupi chonchi, ndipo zimachizika. Chikabwera, mayi, muziwagwira manja, muzipuma nawo pang'onopang'ono. Mubwerenso tidzakambirane."

Atangotuluka, Luka anati, "Usauze munthu. Ine mwamuna ndimveke kuti ndikudwala mantha? Anzanga a njinga adzandiseka mpaka kumanda." Elesi analonjeza. Atsikana inu, chenjerani ndi lonjezo losungira munthu manyazi ake, limadzaluma mwini kulonjeza.

Ku Madzimoyo, kwawo kwa Luka kumene ankakhala, maso ndi ambiri. Tsiku lina chinamugwira atangotha kudya nkhwani wophika Elesi, mayi ake a Luka, aKetilina, ali pomwepo.

"Chifuwa!" anakuwa aKetilina. "Mayo ine, mdulo uwu!"

Paja akuluakulu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadulika pachifuwa. Ndiye Elesi ankapitapita ku Chipata kukagulitsa mtedza, ndipo mkazi woyenda mumsewu sasowa omunena. Pasanapite nthawi azimayi pamjigo ankangoti zii iye akafika.

"ALuka, auzeni amayi zoona," anadandaula Elesi.

"Zisiye, zizizira zokha."

Sizinazizire. Anaitana ankhoswe, malume a Elesi nawo anabwera, onse n'kukhala pakhonde pa aKetilina.

"Tchula dzina la mwamunayo, mwana wanga amwe mankhwala achire," anatero aKetilina. "Mtedza wanji wogulitsa utadzola milomo?"

"Amayi, mwamuna wanga ndi mmodzi, ndi uyu wakhala apayu."

"Nanga chifuwacho chagwa kumwamba?"

Malume anatembenukira kwa Luka. "Mkamwini, matenda ali m'thupi mwanu. Inu mukuti chiyani?"

Elesi anamuyang'ana. Ndi munthu amene iye ankamupukuta thukuta, amene ankamufinya zala mpaka kupweteka. Luka anazyolika n'kumatokosa pansi ndi kamtengo.

"Ine sindidziwa. Kutauni amapita yekha."

Elesi anadikira kuti mwina awonjezera mawu ena, koma kamtengo kaja kankangolemba pansi.

"Chabwino," anatero Elesi. "Ndinalonjeza kusunga, koma sindingasunge chondipha. Kukiliniki anati ndi nkhawa. Chiwonereni ngozi ya ku Mwami ija, aLuka mantha sanawachoke."

AKetilina anawomba m'manja n'kuseka. "Mantha? Mwana wa Angoni? Mwamva, wayamba kutukwana! Luka, unapitako kukiliniki iwe?"

"Sindinapiteko."

Ankhoswe a kuchimuna anapukusa mitu. Malume anakhosomola n'kunena motsitsa, "Mwana wa mlongo wanga, kungovomera, nkhani ithe, banja likhale."

"Ndivomere chigololo chimene sindinachite, amalume? Banja lotero likhale lokha."

Analowa m'nyumba, anamanga zovala m'chitenje, n'kubereka Anna, mwana wawo wakhanda. Potuluka anaima pamaso pa apongozi ake, osagwada.

"Amayi, chibweranso ine kulibe, pamenepo mudzasowa womunena. Chikabwera musakuwe, kukuwa kumawonjezera. Muwakhazike pansi, muwagwire manja onse awiri, muzipuma nawo pang'onopang'ono. Adzanena kuti akufa, musavomereze. Chikawasiya muwatengere kukiliniki, njira akuidziwa."

AKetilina anayang'ana mwana wawo, ndipo Luka anayang'ana kumbali.

Elesi analowera kumsewu, malume akumutsatira ndi njinga yawo yokankha. Mpaka pokhota anali kutchera khutu kuti mwina amva "Amake Anna, bwerera." Luka sanaitane.