Chotsa, Koka, Yang'ana, Pisa Chala

Chiphaso cha mfuti ya amuna anga chinatenga miyezi khumi ndi isanu kuti chituluke. Pomwe a Ngwako ankalemba mafomu kupolisi kuno ku Seshego, akuba atangothyola nyumba ya aneba athu, anali munthu wathunthu. Pomwe uthenga unabwera woti akatenge mfutiyo kusitolo, anali atayamba kale kuika ketulo m'firiji ndi kundifunsa katatu m'mawa umodzi ngati lero ndi Lachitatu.

Adokotala ku Polokwane anali atatiuza kuti ndi matenda oiwala aja, ndipo sabwerera m'mbuyo. A Ngwako anangoti dokotalayo ndi mwana wa dzulodzuloli. Mwana wathu Mosima anaimba foni ali ku Pretoria. "Mma, musalole mfuti imeneyo ilowe m'nyumbamo." Kulankhula n'kosavuta munthu uli ku Pretoria. Ine ndinali nditabisa kale makiyi a galimoto, mankhwala a makoswe ndi lumo lometera, ndipo ndinali nditatopa nako kukhala wakuba m'nyumba mwanga momwe. Komanso mfuti sungaibise munthu ngati a Ngwako. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anagwira ntchito yophunzitsa alonda onyamula ndalama za mabanki kagwiridwe ka mfuti. Zonse zinali kuwathawa, koma ichi chokha ankati n'chawo.

Anabwera nayo Lachisanu, naitsekera m'bokosi lachitsulo lomwe anakhomera kukhoma la kuchipinda, monga limanenera lamulo. Loweruka m'mawa anayala nyuzipepala pa tebulo la kukhitchini, naikapo kansalu, kabotolo ka mafuta ndi kaburashi. Anali atavala malaya osita. Ndinali ndisanawaone akuwala nkhope chotero chichokereni pa ntchito, ndipo zinandipweteka mumtima.

"Mayi a Mosima, khalani apo muone. Siyani mbalezo, sizithawa."

Ndinakhala. Mfutiyo inali yakuda, yaing'ono, chogwirira chake cha pulasitiki. Anaiyesa kulemera m'manja mwawo nainyoza pang'ono.

"Zinthu za masiku ano. Ngati choseweretsa ana. Ya kuntchito ija inali chitsulo chokhachokha, ukaimenyetsa munthu pamutu sankafunikanso chipolopolo."

"Nanga munagulirenji choseweretsa ana?"

"Inu mumadziwa chiyani za mfuti? Yang'anani kuno."

Anandionetsa magazini, kabokosi kaja kolowa m'chogwirira, nalowetsamo zipolopolo zisanu chimodzichimodzi ndi chala chachikulu, ati aone ngati ikugwira bwino. Anaikankhira m'mfuti, nakoka chitsulo chotsetsereka chapamwamba pa mfutiyo n'kuchisiya chibwerere chokha, kuti khwa. Anafotokoza kuti chitsulocho chikamabwerera chimatola chipolopolo chimodzi n'kuchilowetsa mumpope wa mfutiyo, ndipo kuyambira pamenepo mfuti ili maso. Anati mfuti zatsopanozi zili ndi khalidwe loipa limodzi: kuti uiphwasule, uyenera kuyamba wakanikiza kachitsulo kowombera. Ndiye ngati mwatsala kanthu mumpope, basi.

Zonsezi ananena bwinobwino, osaphonya liwu n'limodzi lomwe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina Mosima ndi dokotala uja akuwonjeza.

Kenaka galimoto yogulitsa malalanje inadutsa mumsewu ikuliza hutala. A Ngwako anatembenuka kuyang'ana pazenera, nayang'anitsitsa mpaka inakhota. Atabweza maso pa tebulo ndinaona kuti pena pake paduka. Nkhope imeneyo ndinali nditaizolowera, ndi yomwe amakhala nayo akaima pakati pa chipinda osadziwa chomwe alowera.

"Eya," anatero. "Tsopano tiitsuke."

Anakoka chitsulo chapamwamba. Chipolopolo chinadumpha n'kugwera pa nyuzipepala, iwo nachitola n'kuchiimika pambali pa kapu yawo ya tiyi. Anasiya chitsulocho chibwerere. Kenaka anachotsa magazini, naiika patali.

"Mwaona? Ilibe kanthu."

Ine mfuti sindinaigwirepo chibadwire. Koma zaka makumi atatu ndi chimodzi munthuyu ankabwera kunyumba madzulo alionse, n'kuima pakhomo la kuchipinda, n'kunena mawu omwewo mokweza ngati pemphero la chakudya: chotsa, koka, yang'ana, pisa chala. Chotsa magazini, koka chitsulo, yang'ana mumpope, pisamo chala chifukwa maso amanama. Mosima ankaimba mawu amenewa podumpha chingwe ali ndi zaka zisanu. Ine ndinkawamva ndikusenda anyezi, ndikusita, ndikudwala mutu, mpaka ndinkalakalaka atatsamwa nawo. Ndiye m'mawa umenewo khutu langa linamva lokha kuti nyimbo yayambira pakati.

Mfuti inali italoza kukhoma la kuchipinda chomwe amagona adzukulu akabwera. Chala chawo chinali chikulowa pa kachitsulo kowombera kaja.

"Bambo a Mosima, dikirani."

"N'chiyani?"

"Mwayamba ndi kukoka. Kuchotsa mwachita pambuyo."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo. "Mukundiphunzitsa ine?"

"Sindikuphunzitsani. Ndikungonena zomwe ndaona."

"Chipolopolo ndi ichi apa, chatuluka inu mukuona. Anyamata opitirira chikwi adutsa m'manja mwangamu, palibe ndi mmodzi yemwe anadziwombera phazi. Lero ndiphunzire kwa munthu woopa ndi fulaiti ya pamsewu yomwe?"

Mawu a fulaitiwo sindinawamvetse, ndipo ndikhulupirira iwonso sanawamvetse. Ankafuna kunena china, liwu linawathawa n'kugwira lomwe linali pafupi. Ndikanatha kukalipa. Ndikanatha kuwakumbutsa za ketulo m'firiji, za tsiku lomwe anasochera pobwera kutchalitchi. Koma ndinalibenso mphamvu ya mkangano, ndipo chala chija chinali chikadali pomwe chinali.

"Chabwino, ndine wopusa," ndinatero. "Ingokokaninso kamodzi, mundisangalatse. Mukatero ndikaphika magwinya, mandasi mumakonda aja, sindilankhulanso."

Anapumira m'mwamba, monga ankachitira ndi ophunzira osamva. Anachotsa chala, nakoka chitsulo mwaukali kuti andichititse manyazi.

Chipolopolo chachiwiri chinadumpha, chinagunda mbale ya shuga, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka chinadzaima pa dzanja langa.

Firiji inali kulira yokha. A Ngwako anayang'ana chipolopolo chili pambali pa kapu, nayang'ana chili pa dzanja langa, kenaka nayang'ana khoma lija nthawi yaitali. Sindinasangalale kuti ndapambana. Ndikanakonda kukhala wopusa uja.

"Chotsa," ananong'ona, nagwira magazini pomwe inali. "Koka." Anakoka, chitsulo nachiimitsa kumbuyo. "Yang'ana." Anapendeketsa mfuti kuloza kuwala kwa pazenera. "Pisa chala." Anapisamo kachala kakang'ono, nakasiya momwemo kanthawi.

Kenaka analozetsa mfuti pansi, nakanikiza kachitsulo kowombera, kanangoti tha. Zotsalazo manja anachita okha. Anatsitsa timabatani tiwiri ta m'mbali, chitsulo chapamwamba chinatsetserekera kutsogolo n'kuchoka, anatulutsa sipuling'i, natulutsa mpope. Zidutswa zinayi pa nyuzipepala, zoyalidwa mwa dongosolo kuchokera kumanzere. Anapukuta chilichonse, nadontheza mafuta pomwe pafunika, osachulutsa. Inali ntchito yokongola, ndipo ndinaionera mpaka kumapeto.

Ndinkadikira kuti aibwezeretse, koma anangokhala manja ali pa maondo.

"Kodi ndakhala ndikuchita zoterezi kwambiri?"

"Nthawi zina."

"Makiyi a galimoto sanasowe, eti?"

"Sanasowe."

Anagwedeza mutu. Anatenga kiyi wa bokosi lachitsulo yemwe anali pa chingwe m'khosi mwawo, namuyang'ana, namubwezera m'malaya.

"Kiyi sindingakupatseni, lamulo limati akhale ndi mwini chiphaso yekha. Mpope sindingakupatseninso, pa lamulo mpope ndi mfuti." Anatola sipuling'i ija, naipukutanso ngakhale inali yoyera kale. "Koma iyi ndi waya chabe. Popanda iyi, izi ndi zitsulo zopanda ntchito. Tambasulani dzanja."

Ndinatambasula. Inali yopepuka, yonunkhira mafuta.

"Lolemba muimbire Mosima, abwere atiperekeze tikabweze mfutiyi mwa dongosolo. Koma pakati apa sipuling'iyo mukaiike komwe munaika makiyi aja." Anayamba kulongedza zidutswa zitatu zotsalazo m'kansalu, osandiyang'ana. "Ndipo mawa ndikadzuka n'kuyamba kuifunafuna, ndidzakalipa, ndidzakunenani kuti ndinu wakuba. Musadzandipatse, Mayi a Mosima. Mudzamvere ine wa lero."

Ndinakaiika m'chitini cha mabatani, pansi pa ulusi. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, anandinenadi kuti ndine wakuba.