Galimoto Yoyang'ana Kukhoma

Kunali kutatsala masabata atatu kuti Sharifu achoke panyumba ya Baba Rashid ku Al Hilal, kutsidya kwa nyanja, pamene anachita chopusa chachikulu pa moyo wake. Chowawa n'chakuti anachichita ndi mtima wabwino.

Sharifu anali dalaivala wa panyumbapo, mwana wa ku Ntaja amene anaphunzira chiwongolero pa maminibasi a pakati pa Liwonde ndi Limbe. Kwa zaka zinayi anakhala akuyendetsa bwana wakeyu, mkulu woferedwa mkazi amene anapuma ntchito kalekale. Tsono m'chaka cha korona chija lamulo linasintha: wantchito ankatha kusintha ntchito popanda kalata ya chilolezo ya bwana wake, bola apereke notisi. Mnzake Grayson anamupezera malo pa hotela ina ku Al Mirqab, ntchito yonyamula alendo, yokhala ndi tsiku lopuma lenileni. Sharifu anapereka notisi ya miyezi iwiri. Baba Rashid anangoti, "Upite bwino, inshallah." Koma mwana wawo Fahad, amene ankakhala kwina ndi banja lake, anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kumuuza kuti lamulo lasintha inde, koma polisi sinasinthe. Sharifu anamva bwino lomwe. Fahad akanangomutsegulira mlandu uliwonse, ntchito ya ku hotela ikanathera pomwepo, n'kutsala kudikira ndege yobwerera kumudzi chimanjamanja.

M'galaja la nyumbayo munali galimoto ya Camaro ya 1969, yofiirira ngati papaya lakupsa. Baba anaiitanitsa kuchokera ku America ili chigoba cha dzimbiri, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akuidzutsa kachitsulo ndi kachitsulo, zinayi zomalizazo Sharifu akuwagwirira tochi ndi kuwapatsira masipanala. Kuyenda nayo mumsewu ayi, sankatero. Lachisanu lililonse akabwera ku mzikiti ankailiza, n'kukhala pampando atatsinzina, kumvetsera injini ikugunda mpaka mawindo a kukhitchini kunjenjemera. Maimuna, mayi wa ku Machinga amene ankaphika panyumbapo, ankati galimoto imeneyo ndi mkazi wachiwiri wa Baba, ndipo wokondedwa ndi iyeyo.

Kumapeto kwa Okutobala Baba anayamba kutentha thupi. Fahad anabwera, anawatengera kuchipatala pa galimoto yaikulu ya panyumbapo, ndipo galimotoyo sanaibweze. Anatsala Sharifu ndi Maimuna, awiriwiri m'chinyumba cha zipinda khumi, atavala mamasiki ngakhale popatsana moni.

Tsiku lachisanu Baba ali m'chipatala, cha m'ma teni koloko m'mawa, foni ya Sharifu inalira. Mawu anali a Baba, koma ophwa, odukaduka, mpweya wa m'paipi ukumveka kumbuyo.

"Sharifu. Ndilizire galimoto ndimve. Nesi wandipatsa mphindi zochepa."

Sharifu anathamangira m'galaja, anaika foni pampando wa pambali, n'kupotokola kiyi. Tche, tche. Batire inali itafa. Tchaja inalipo pashelefu, koma imeneyo inkafuna theka la tsiku, ndipo munthu anali akudikira pafoni ndi mpweya wobwereka.

Apa ndi pamene Limbe inadzuka m'mutu mwake. Kwathu batire ikafa sitiimba foni kwa wina aliyense, timakankha. Galimotoyo inali ya magiya apamanja, inayang'ana kunja, ndipo kuchoka pakhomo la galaja kufika pageti panali kamtsetse kabwino. Dalaivala wa minibasi aliyense akanaona zomwe iye anaona.

"Baba, musadule, ndikubwera," anatero, n'kuitana Maimuna.

Maimuna anabwera akupukuta manja. Atamva, anapukusa mutu. "Iwe, si minibasi iyi."

"Injini ndi injini, achemwali. Tangokankhani."

Sharifu anachotsa timatabwa tiwiri tomwe tinali kutsogolo kwa matayala, osadzifunsa n'komwe kuti anatiika ndani ndipo chifukwa chiyani. Sabata yomaliza Baba asanadwale ankagwira ntchito okha m'galajamo, chifukwa Fahad anali atabwereka Sharifu kuti aziyendetsa ana ake. Zimene Baba anamasula masiku amenewo Sharifu sankazidziwa.

Analowa, anamasula buleki yoimikira, anaponya giya yachiwiri. Maimuna anakankha akung'ung'udza. Galimoto inatsetsereka, Sharifu anadikira, n'kusiya kilachi. Injini inadzuka ndi ukali wake wonse, ndipo kwa kamphindi kamodzi Sharifu anasangalala ngati mwana. Kenako anaponda buleki, phazi n'kungolowa mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Anapondanso, zomwezo. Dzanja linapita lokha pakati pa mipando kukafuna buleki yapamanja, koma galimoto imeneyi buleki yoimikira ndi ya phazi lamanzere. Mutu unkadziwa zimenezo, dzanja linkakumbuka minibasi. Camaro inakathera pachipilala cha geti.

Injini inazima. Magalasi a nyali anali mbwee pansi. Bampala inapindika, ndipo mbali ya kumanja ya kutsogolo, imene Baba anaipala ndi sandipepala miyezi itatu yathunthu, inakwinyika ngati chitini choponderedwa. Sharifu sanavulale paliponse, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa.

Foni anaipeza pansi pa mpando. Inali itaduka. Inasonyeza kuti analankhula mphindi zinayi ndi masekondi khumi ndi awiri, koma zimenezo sizinamuuze ngati inaduka asanagunde kapena atagunda.

"Uwauze," anatero Maimuna.

"Munthu akupumira m'paipi, achemwali. Ndimuphe?"

"Ukuopa kuwapha, kapena ukuopa Fahad?"

Zoona zake Sharifu ankaopa zonse ziwiri, ndipo chachiwiricho ndiye ankachiopa kwambiri.

Anatchaja batire. Madzulo ake anaibweza galimoto pang'onopang'ono, akuimitsa ndi buleki ya phazi lamanzere, n'kuilowetsa m'galaja chamutu, mphuno yophwanyikayo itayang'ana kukhoma. Pa benchi anapeza timapaipi ta mabuleki titayalidwa bwinobwino pansalu, pomwe akanationa m'mawa muja akanangotembenuza khosi. Anasesa magalasi. Chipilala anachimata ndi simenti yotsala, koma chigambacho chinkaoneka ngakhale uli kutsidya kwa msewu.

M'mawa mwake foni inaliranso. Sharifu anaiyang'ana ikulira kanayi asanayankhe.

"Dzulo foni inaduka," anatero Baba. "Yalla, tiye, ilize."

Basi, palibe china. Sharifu anapotokola kiyi, injini inagunda monga mwa masiku onse, chifukwa injiniyo sinakhudzidwe. Kumbali inayo kunali zii, kupuma kokhakokha. Patapita mphindi ziwiri Baba anati, "Khalas, zakwana, wachita bwino," n'kudula.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Teni koloko ikakwana, Sharifu ankayankha foni. Ankaliza galimoto, Baba ankamvetsera, ndipo tsiku lililonse bodza limenelo linkalemera kuposa dzulo lake. Anaimbira Grayson, akuganiza kuti mwina amuuza zanzeru.

"Khala chete, aise," anatero Grayson. "Wangotsala ndi masiku angati? Ukangolowa m'mabuku a hotela, khalas, zatha. Ukayankhula pano, mwana wawo uja akudya wamoyo. Akungofuna chifukwa."

Tsiku lachisanu ndi chiwiri chichitikireni ngoziyo, Baba anaimba foni ya vidiyo. Nkhope yawo inadzaza foni, masaya atalowa, chigoba cha mpweya chitawaphimba mphuno ndi pakamwa.

"Ndionetse."

Sharifu anaima pakhomo la galaja n'kuloza foni kumbuyo kwa galimoto, nyali zofiira ndi mapaipi awiri a utsi.

"Waitembenuziranji?"

"Utsi, Baba. Kuti uzitulukira panja ndikamailiza."

Sharifu atabweza foni kunkhope kwake, maso a Baba anakhazikika pa iye. Kenako anakweza chigoba pang'ono. "Usaitulutse, wamva? Mabuleki sindinamalize. Munthu atha kuvulala."

Khomo loti aulule linali limenelo, lotseguka, ndipo Sharifu analiona. Koma anakumbukira maso a Fahad, anakumbukira yunifolomu ya ku hotela imene anali atayesa kale, ndipo anati, "Chabwino, Baba."

"Chabwino," anatero Baba, n'kubweza chigoba. Sanapemphe kuona kutsogolo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Maimuna, amene anamva zonse ali pakhomo la khitchini, sanamulankhule Sharifu masiku awiri. Chakudya ankangomusiyira pakhonde chovundikira ndi mbale.

Kenako foni inasiya kulira. Teni koloko inakwana, leveni, palibe. Mawa lake chimodzimodzi. Sharifu ankakhalabe m'galimoto, kiyi ali m'manja, ndipo anadabwa kupeza kuti chete ameneyu ankamuwawa kuposa mafoni aja.

Kutatsala masiku atatu kuti notisi ithe, geti linatseguka masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto yaikulu ija n'kulowa. Fahad anatsika atavala masiki, sanapereke moni, ndipo asanapite kulikonse anaima pachipilala n'kupalasa chigamba cha simenti ndi chala.

"Tsegula galaja."

Sharifu anatsegula. Fahad anayenda m'mbali mwa galimoto, dzanja likutsata penti, mpaka anafika kukhoma. Anagwada. Anayang'ana nyali yosweka, bampala, chitsulo chokwinyika. Sharifu anawerenga m'mutu zimene zitsatire: polisi, mafunso, kuimbira ku hotela kuti asamudikire, ndiyeno kuimbira mkazi wake Hanifa ku Ntaja.

Fahad anadzuka n'kusasa fumbi pa mkanjo wake.

"Bambo anandiuza," anatero.

Sharifu anamuyang'ana, Fahad n'kupitiriza.

"Anati m'mawa umene anayamba kutentha thupi anaiwala kuti anamasula mabuleki, anaitulutsa, n'kugunda geti. Tsiku lina anawonjezera kuti iwe unaitembenuza pofuna kuwabisira manyazi, ndipo ndisakuvutitse ndi mafunso."

"Anakuuzani liti?" Mawu a Sharifu anatuluka ang'onoang'ono.

"Tsiku lachisanu ali m'chipatala. Anandiimbira teni koloko itangodutsa, akupuma movutika, nesi akuwaletsa. Choyamba anandituma ndiimbire Maimuna ndimve ngati panyumba pano aliyense ali bwino."

Sharifu anatembenuka. Maimuna anali pakhomo la khitchini, maso pansi. Choncho foni sinaduke asanagunde. Mkuluyo anamva injini, anamva chitsulo chikuphwanyika, ndipo m'mawa uliwonse pambuyo pake ankaimba n'kumudikira kuti anene yekha.

Manyazi anamugwira Sharifu mwakuti mantha onse anachoka.

"Ndine ndinagunda, bwana. Baba anali kale m'chipatala. Ndinaikankha kuti ilire, sindinaone mabuleki."

Fahad anamuyang'ana. Pamwamba pa masiki maso ake anali ofiira, ndipo sanali ofiira ndi mkwiyo wokha.

"Ukuyesa sindikudziwa? Tsiku limene ndinadzawatenga ndinadutsa pageti limenelo, chipilala chinali bwinobwino. Kukanakhala kufuna kwanga, bwenzi lero ukugona ku polisi." Anatembenukira kugalimoto. "Koma bambo anga anena kuti anagunda ndi iwo. Sindinakufunse kanthu, ndipo usawasandutse onama pamaso panga. Loweruka utenge katundu wako uzipita ku hotela yakoyo."

Sharifu anali atapeza chimene ankatsekera pakamwa masiku khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo sichinamukomere m'pang'ono pomwe.

"Ndingalankhule nawo? Mawu awiri okha."

"Salankhula. Ali pa makina kuyambira Lolemba." Fahad anatulutsa foni yake, anaimba, analankhula mwachidule ndi munthu wina, kenako anaitambasulira kwa Sharifu. "Nesi waiika pakhutu pawo. Akuti mwina amamva. Yalla."

Sharifu analandira foniyo ndi manja awiri. M'menemo munkamveka makina akupopa mpweya, kulowa ndi kutuluka, mosasinthasintha. Anatsegula pakamwa, koma Fahad anapukusa mutu n'kuloza chiwongolero.

Sharifu analowa m'galimoto, anaika foni pampando wa pambali pomwe inali tsiku lija, n'kupotokola kiyi. Injini inagunda, mawindo a kukhitchini ananjenjemera. Mphindi ziwiri zinadutsa, zitatu, zisanu. Sharifu sanazimitse, chifukwa ankadikira kuti wina anene kuti khalas.