Ndinalota Karima Atavala Zoyera

Ine ndimagulitsa mpunga wa ku Chinguluwe pa msika wa Khombedza. Sukulu ndinalekeza ndisanathe kulemba dzina langa bwinobwino, koma mawu amodzi a Chingerezi ndawadziwa, ndipo ndimadana nawo. Dirimu.

Anabwera nawo m'nyumba ndi mwana wanga Karima, amene ankayala mabedi pa loji ina ku Senga Bay. Akuti ndiko kulota. Ndinati chabwino, nafenso timalota. Iye anati ayi amayi, azungu amalota ali maso. Mzungu akaona mchenga, dirimu. Akadya chambo, dirimu. Mwamuna wabwino, nyumba yamalata, galimoto yoti sunaigule n'komwe, zonsezo dirimu.

"Mawu amodzi ntchito zonsezo?" ndinamufunsa. "Ndi chitenje kodi?"

Kenako kunabwera mayi wina wonunkhira, wa mafoni m'manja monse, kudzalemba atsikana ntchito za m'nyumba ku Oman. Karima anati imeneyo ndiye dirimu yake. Ndinati kukolopa m'nyumba ya Mluya? Anati n'poyambira chabe, akabwerako adzatsegula saluni m'tauni ya Salima.

Sabata yoti anyamuke ndinalota. Karima wavala zoyera, anthu adzaza pabwalo pathu, nyama ya mbuzi m'mabeseni, aliyense akudya osayankhula. Ife akuluakulu timadziwa: ukalota ukwati ndi nyama yambiri, maliro ali panjira. Nditadzuka ndinalavulira kumanzere monga a shehe amatiphunzitsira, n'kutseka pakamwa. Loto loipa silinenedwa. Ukalinena, walimasula chingwe.

Ndiye ndinachita chomwe ndimatha, kunenerera. Ndinanenerera kunyumba, ndinanenerera panjira, mpaka m'mawa wa tsikulo tili pa siteji, chikwama chake chakwezedwa kale mu minibasi.

"Tenga malo anga a pamsika. Onse, ndi makasitomala omwe."

"Amayi, ine ndi mpunga?"

"Ndiwonjezera mbuzi yaikazi ija. Ili ndi bere."

"Mukundigula kodi?"

"Ee, ndikukugula. Nena mtengo."

Kondakitala anamenya chitseko ndi chikhatho. "Mama, mukukwera kapena mukuperekeza? Watsala mpando umodzi!"

"Takhala chete iwe. Galimoto yako yolira mochita kukankhayi ikuthamangira kuti?"

Anthu anaseka, Karima sanaseke. Anati, "Amayi, chiyambireni simunandipatse chifukwa ngakhale chimodzi. Mungoti usapite, usapite. Ana a anzanu akumangira makolo awo nyumba. Inu mukufuna ndikalambire pa mabedi a anthu?"

Phazi lake limodzi linali kale m'galimoto. Ndinalibenso choika pamwamba pa mbuzi ija. Ndinamugwira dzanja, n'kunena chimene sichinenedwa.

"Ndakulota. Unavala zoyera. Anthu anadzaza pabwalo, nyama m'mabeseni."

Ndinkayembekeza kuti atsitsa phazi lija. Koma nkhope yake inawala ngati ya mwana wopatsidwa diresi la Idi. Zinthu izi iye sazidziwa. Anakulira kusukulu ndi pa loji, ndipo ine m'mawa ndimakhala ndikuthamangira kumsika, osati kumasulira ana maloto.

"Ukwati wanga? Amayi! Mwamuna wake anali wotani? Wamtali?"

"Sindinamuone."

"Mwaona nanga? Nanunso muli ndi dirimu pa ine." Anandikumbatira, misozi ili m'maso. "Ine ndimayesa simundifunira zabwino. Tsopano ndipita mtima uli m'malo."

Pafupi ndi chitseko panakhala mayi wachikulire wa mpango wakuda, dengu la usipa pamiyendo. Anamva zonse. Anandiyang'ana, n'kugwetsa maso pansi, milomo ikuyenda. Ndinadziwa kuti akuchita dua, kumupempherera mwanayo.

Panatsala mawu amodzi okha oti ndinene, maliro. Ine amene ndimalalatira amuna a ndevu pamsika, ndinawameza. Mayi angatchule bwanji maliro kwa mwana wake amene akukwera galimoto? Kumeneko n'kutemberera. Loto ndinali nditalimasula kale chingwe, ndiye ndilipatsenso dzina pamaso pa anthu?

"Ukakafika uimbe," ndinatero. "Usavule mpango. Akakumenya usayankhe, uthawe."

"Amayi inunso, andimenyeranji?"

Mayi wa usipa uja anasuntha, n'kumupatsa mpando wa pawindo. Anyamata anakankha minibasi, inatsokomola, inalira. Karima anatulutsa mutu akuseka.

"Muyambiretu kusunga mpunga wa paukwati! Kilombero, osati wosweka uja!"

Ndinakweza dzanja. Ndinaima pompo mpaka galimoto inabisika kuseri kwa mitengo ya mango, wa kabaza wina akundiimbira belu kuti ndichoke pamsewu.

Thumba limodzi la kilombero ndaliika kuseri kwa chitseko. Anthu akaliona amafunsa mtengo, ndimawauza kuti lili ndi mwini wake.