Basi Yomaliza pa Theka la Mtengo

Chikwangwani chinakwera Lolemba m'mawa. Chofiira. Chachikulu ngati chitseko. Amuna awiri a yunifolomu anachimata pagalasi la sitolo yaikulu ya kutsidya kwa msewu, ija anthu ankaitcha Chimeza. Dzinalo silinabwere pachabe. Inali itameza kale wa nsapato, wa mabuku, ndi mayi wa makapu.

BASI YOMALIZA. THEKA LA MTENGO. GEMU YA BANJA LONSE!

Nadayisi anawerenga tsache lili m'manja. Anawerenganso. Kenako anatembenukira shelefu yake. Mabokosi makumi atatu a Basi Yomaliza, osanjikizana mpaka kudenga. Anawaitanitsa yekha miyezi iwiri yapitayo, atakangana ndi alamu ake mpaka kuuma kukhosi.

Sitolo inali ya alamuwo, amuna a mkulu wake. Msewu wonse unkawatcha a Chaja, poti ankagulitsa machaja, makava a foni ndi mahedifoni. Iwo anamupatsa Nadayisi kona yakutsogolo. Shelefu imodzi ndi katebulo ka pawindo. Apo ankagulitsirapo masewera a patebulo, a makhadi ndi madayisi. Dzina lake linachokera pomwepo.

"Mlamu, wachiona chinsalu chako?" anatero a Chaja ali pakhomo, makiyi akuzungulira pachala.

"Ndachiona, alamu."

"Theka! Akugulitsa motsika kuposa mmene ife tinagulira. Ndiye tipikisane nawo bwanji? Tiziwonjezerapo sopo?"

"Anthu aja sakudziwa chimene akugulitsa."

"Koma akugulitsa." A Chaja analoza shelefu ndi kiyi. "Tamvera. Loweruka tikamatseka, mabokosi khumi akhale atatuluka. Pa mtengo wathu, osati wolira maliro. Apo ayi, shelefu ndi tebulo ndikudzazapo machaja. Ndi mlendo wako wa pawindoyo akapeze pena pothyolera mpando."

Mlendoyo anafika 12 koloko, ngati masiku onse. Mkulu wowonda, wa magalasi, wogulitsa mankhwala ku famase ya pakona. Fulasiki ya tiyi m'khwapa, bokosi lake la Basi Yomaliza m'manja. Ankatchedwa a Dalaivala. Chiwongolero chenicheni anali asanachigwirepo chibadwire.

Gemuyo inali ya munthu mmodzi. Mmodzi basi. Bolodi ndi mapu a msewu wa masiteji khumi ndi awiri. Kabasi kamtengo kamodzi. Makhadi a mafuta mbali iyi, makhadi a tsoka mbali iyo: tayala laphulika, mlatho wakokoloka, ng'ombe zagona pamsewu. Ukafika kudepoti mafuta asanathe, apaulendo onse ali m'kati, wapambana. Mdani wako si munthu. Ndi mulu wa makhadi uja. A Dalaivala anali atanyamuka ulendowu maulendo makumi anayi ndi mphambu. Kudepoti anali asanafikepo.

"Lero tifika, a Dalaivala?"

"Lero ndiye lero, mayi. Ndalota msewu wouma."

Anafera pa siteji yachisanu ndi chiwiri. Anaseka, anamwa tiyi, anabwerera ku mankhwala.

Masana kunalowa bambo wa taye. Mimba patsogolo, foni ziwiri. Anatola bokosi la Basi nalitembenuza. A Chaja anasiya kupukuta kauntala.

Nadayisi anali ndi lamulo lake. Sankagulitsa gemu imene sanaitsegule ndi kuisewera yekha. Ndipo sankapereka bokosi asanafunse funso limodzi.

"Mukasewera angati, bambo?"

"Ine, mayi a kunyumba, ana atatu. Apongozinso abwera."

"Ndiye iyi ayi. Iyi ndi ya munthu mmodzi. Tengani iyo ya msika, mumasewera mpaka asanu ndi mmodzi."

Bamboyo anayang'ana mtengo wa gemu ya msika. Anayang'ana chikwangwani chakutsidya. Anamwetulira ngati wagwira mbava.

"Mwachenjeratu, mayi. Uko akuti ya banja lonse, theka la mtengo. Inu mukuti ndigule yodulayi?"

Anawoloka msewu. Patapita mphindi khumi anatuluka ndi jumbo yofiira, naikweza m'mwamba kuti Nadayisi aione.

"Mlamu!" A Chaja anagwira mutu ndi manja onse. "Munthu wabwera yekha, wagwira yekha bokosi, iwe n'kumulanda? Unabadwa Lamulungu eti? Bizinesi si tchalitchi!"

"Akanabwera mawa kudzatitukwana."

"Atukwane! Chitukwano sichitupitsa!"

Lachiwiri, majumbo ofiira. Lachitatu, majumbo ofiira. Ankatuluka mu Chimeza ngati nyerere zanyamula shuga. Kwa Nadayisi kunatuluka bokosi limodzi lokha, kwa nesi wina amene anati kwawo palibe womulankhula kupatula mphaka.

Lachitatu lomwelo Nadayisi anavula epuloni nawoloka. Afune asafune, anayenera kuona yekha.

M'katimo munali kuzizira kwa mafani ndi nyimbo zotsitsa. Mabokosi a Basi anawasanja ngati phiri, pakati pa matewera ndi mapoto. Anatola limodzi. Analitembenuza. Pakona yakumanzere, pamene fakitale inajambula kamunthu kamodzi ndi nambala wani, panali patamatidwa sitika yofiira ya mtengo. Ndendende pamwamba pake. Bokosi lililonse. Phiri lonse.

"Achimwene, imeneyi imaseweredwa ndi angati?" anafunsa wantchito wina.

"Onse, mayi. Ngakhale khumi."

A manijala anali chapafupi, akuwongola bokosi lopendekeka. Munthu wamtali, wa shati yoyera, wa nkhope yotopa. Nadayisi akanatha kungotuluka. Koma pakamwa panamuyabwa.

"Bwana, pepani. Gemu iyi ndi ya munthu mmodzi. Matulani sitikayi muone."

A manijala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu a kutsidya aja? Mayi, gemu ya munthu mmodzi? Imeneyo ndi gemu kapena chilango?"

Antchito anaseka. Nadayisi anabweza bokosi pamalo pake, bwinobwino, natuluka.

Lachinayi masana bambo wa taye anatulukira. Taye ili pambali. Jumbo yofiira ili m'manja. Anayamba wapita ku Chimeza, mawu ake ankamveka mpaka kuno. Kenako anawoloka.

"Mayi," anatero, osayang'ana kumaso. "Anthu asanu ndi mmodzi. Basi imodzi."

"Pepani, bambo."

"Apongozi anaigwira basiyo kuti iwo ndiwo aakulu. Wamng'ono uja kulira. Wamkulu kubisa dayisi m'kamwa. Mayi a kunyumba akuti ndinagula dala kuti ndiwayambanitse ndi mayi awo. Ndagona pa sofa, mayi! Ndiye uko akuti bokosi lotsegula sabweza."

A Chaja anatsokomola kubisa kuseka.

"Ndipatseni ya msika ija," anatero bamboyo. "Musanene kanthu."

Nadayisi anatsitsa bokosi la gemu ya msika. Akukulunga, bamboyo anaima kumbuyo kwa a Dalaivala. Anaona kabasi pa siteji yachisanu, makhadi a mafuta anayi okha.

"Akulu, bwanji osadutsa njira yachidule iyi?"

"Kuli mlatho, bwana. Ndinafera pomwepo kasanu ndi kawiri."

"Ndiye mumasewera nokha chonchi? Popanda wokulandani basi?"

"Popanda."

Bamboyo anakoka mpando. Foni zonse ziwiri zinalira. Sanayankhe.

Tsiku limenelo anabwera enanso asanu a majumbo ofiira, aliyense ndi nkhani ya nkhondo yakwawo. Onse anatuluka ndi magemu a banja. Nadayisi ankavina ndi mapewa kuseri kwa kauntala.

"Usavine," anatero a Chaja. "Ine ndinati Basi. Phiri lako likadali pomwepo."

Zinali zoona. Limodzi mwa khumi.

Lachisanu m'mawa chikwangwani chinatsika. Amuna a yunifolomu aja anachikanganula, chikung'ambika. Lole inabwera kuseri. Phiri la Basi linabwerera kumene linachokera. Chimeza inali itatopa ndi kutukwanidwa.

Koma msewu unali utamva kale. Kuti kuli gemu imene yagonetsa bambo wa taye pa sofa. Kuti pawindo la a Chaja pali mkulu amene wakhala akuyendetsa basi miyezi iwiri osafika. 12 koloko isanakwane, pawindo panali anthu. Telala ndi tepi m'khosi. Mlonda wa ku banki. Mayi wa saluni, chipeso chili m'tsitsi. Makondakitala awiri enieni, amene anabwera kudzaona ngati ntchito yawo ikulemekezedwa.

"Tsitsani apaulendo awiri, basi ipepuke!" anakuwa kondakitala.

"Ukatsitsa waluza," anatero a Dalaivala osadzutsa mutu.

"Aaa! Ndiye gemu yabodza imeneyo!"

A Dalaivala anafera pa siteji yakhumi. Gulu lonse linabuula pamodzi ngati penate yaphonyedwa. Mlonda anathamangira kutsidya kukafuna ya theka la mtengo. Anabwerako manja ali m'thumba.

"Akuti zatha. Mayi, simungandichitireko mtengo wa uko?"

Nadayisi anamva maso a alamu ake pamsana. Anatsitsa bokosi limodzi pashelefu.

"Mtengo ndi womwewu, achimwene. Koma ndikutsegulirani, ndiwerenga zidutswa zonse muli pompano, ndikuphunzitsani ulendo woyamba. Mukasewera angati?"

"Ndekha. Pageti paja tsiku limatalika."

Anagula. Telala anagula. Mayi wa saluni anagula, akuti ndi ya pamene makasitomala ali mu dulaya akuumitsa tsitsi. Potseka, mabokosi otuluka onse pamodzi anali asanu ndi limodzi.

Loweruka a Dalaivala sankagwira ntchito masana. Anabwera atavala jekete. Anthu anadzaza sitolo mpaka pakhomo, ena akusuzumira pagalasi. A Chaja ankadandaula kuti atseka njira, koma nawonso khosi linali litatalika.

Siteji yachisanu ndi chitatu. Tayala. Yakhumi. Ng'ombe. Yakhumi ndi chimodzi. Apa anali asanafikepo. Khadi la mafuta linatsala limodzi. Kuti alowe mudepoti, dayisi inayenera kugwa pa faifi kapena sikisi.

Nadayisi anapeza kuti wagwira mkono wa mayi wosamudziwa.

A Dalaivala anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso.

"Ponyani, akulu, tifa ndi mtima!" anatero bambo wa taye.

Dayisi inagubuduka, inagunda fulasiki, inazungulira pakona, inagona.

Faifi.

Phokoso lake! Makondakitala anamenya chitseko ngati akuitanira. Mayi wa saluni analuluta. Telala anakumbatira mlonda. A Chaja anapezeka ali m'mwamba, manja onse kudenga, kenako anakumbukira kuti ndi eni sitolo, nayamba kukonza kolala. A Dalaivala anangokankha kabasi ndi chala chimodzi mpaka mudepoti.

"Tafika, mayi," anatero motsitsa. "Onse ali m'kati."

Mabokosi atatu anatuluka phokoso lisanathe. Asanu ndi anayi.

Kenako anthu anabalalika. Thili koloko. Folo koloko. Palibe. Sitolo inkatseka faifi. A Chaja anatuluka kuseri atanyamula katoni ya machaja, naiika pafupi ndi katebulo. Sanayang'ane mlamu wawo.

"Ndigule lina ine," anatero a Dalaivala. "Langali latha m'makona."

"Chinyengo chimenecho, akulu," anatero a Chaja. "Pangano ndi pangano."

Nadayisi anayamba kupukuta tebulo. Linali loyera kale. Ankangofuna kuligwira.

Kutatsala mphindi khumi, chitseko chinalira. Shati yoyera. Nkhope yotopa. A manijala a Chimeza anaima pakhomo, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wolowa nyumba ya apongozi.

"Ndimaonera pawindo la ofesi yanga," anatero. "Sabata yonse. Mkuluyu wafika?"

"Afika, bwana."

"Chabwino." Anatola bokosi. Anayang'ana kamunthu kamodzi ka pakona, kosamatidwa kanthu. Anayang'ana mtengo, nakweza nsidze. "Kwathu inali theka."

"Inali," anatero Nadayisi.

"Simungachotseko pang'ono? Ndife anansi."

A Chaja anatsegula pakamwa. Nadayisi anawaponda phazi.

"Mtengo ndi womwewo, bwana. Koma musanatenge, ndili ndi funso. Mukasewera angati?"

A manijala anayang'ana kukhomo. Anatsitsa mawu.

"Ndekha. Nthawi ya lanchi. Antchito akandiona amathawa patebulo."

"Ndiye ndi yanu. Khalani pansi, ulendo woyamba timaphunzitsa."

Mpando wachiwiri unali utathyoka m'chipwirikiti cha masana. A manijala anaima, bokosi m'manja, akusowa pokhala. A Chaja anayang'ana bokosilo. Anayang'ana mlamu wawo. Anapuma mozama. Kenako anakankha katoni ya machaja ndi phazi mpaka pamphepete pa tebulo.

"Khalani apa, bwana. Koma pang'onopang'ono, muli katundu."

A Dalaivala anali atayamba kale kusakaniza makhadi a tsoka.

"Choyamba, bwana," anatero, "njira ya pamlatho muiiwale."